Nkhata Yosamanga Mfundo

Tionenji anali ndi pakati pa miyezi itatu, ndipo odziwa anali atatu okha: iye mwini, mwamuna wake Paterson, ndi Mulungu. Anali atapita padera kawiri. Ulendo woyamba anauza aliyense, mpaka amayi a mvano a kutchalitchi kwawo ku Peckham, mumzinda wa London, anamuvinira. Ulendo wachiwiri anauza apabanja okha. Zitalephereka kachiwiriko, mayi ake anamuimbira foni kuchokera ku Mulanje, nalira naye, kenaka anati, "Koma mwana wanga, mwatengera za komweko. Pathupi sitilengeza. Pamaoneka pokha."

Tionenji anali Mkhristu, ndipo ankadziwa kuti mawu a pakamwa sachotsa mwana m'mimba. Komabe ulendo uno anatseka pakamwa.

Ankagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Thamesmead. M'mawa uliwonse ankakwera basi ya 177 pa Peckham. Kale ankakonda kukhala m'mwamba, pampando wakutsogolo, n'kumaona mtsinje ukutulukira ndi kubisala kuseri kwa nyumba. Tsopano masitepe a basi ankawaopa. Ankakhala m'munsi, dzanja lili m'thumba la jekete litagunda pamimba, ndipo kuchokera ku Deptford mpaka ku Woolwich ankangobwereza pemphero limodzi: "Ambuye, uyu yekha mundisiyire."

M'chipinda cha nambala naini munkakhala mayi Etta, a zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi. Anabadwira ku Hawaii, zilumba za pakati pa nyanja yaikulu, ndipo anabwera ku London atakwatiwa ndi Mngelezi wina woyenda pa sitima zapamadzi, dzina lake Harry. Mwamunayo anamwalira kalekale. Miyendo ya mayi Etta inali itasiya kugwira ntchito, zala zinali zitapindika ndi nyamakazi, koma mutu unali bwinobwino. Bisiketi wa tiyi wa teni koloko sankadya. Ankamukulunga m'kapepala n'kumuponya m'thumba la yunifolomu ya Tionenji, amvekere, "Wa pa basi." Tionenji akalowa m'mawa manja atazizira, iwo ankayamba awafumbata m'manja mwawo, kusamba pambuyo.

Pakhoma la chipindacho panali chithunzi cha mtengo wa maluwa oyera, achikasu pakati. Tsiku lake loyamba Tionenji anaima pachithunzicho n'kunena kuti mtengo womwewo uli pakhomo pa tchalitchi kwawo ku Mulanje. Mayi Etta anamuyang'ana nthawi yaitali. "Zaka makumi asanu m'dziko muno," anatero, "ndiwe woyamba kuudziwa." Ubwenzi wawo unayambira pamenepo.

Tsiku loyamba la Meyi chaka cha 2006 linali Lolemba, la holide, ndipo m'chigawo chawo munali antchito awiri okha, Tionenji ndi Petronella. Petronella anali nesi wa ku Lusaka, wamkulu thupi ndi mawu omwe. Dzulo lake mayi Etta anali atamutuma kuti akagule maluwa otchedwa makaneshoni, ofiira ndi oyera, mitolo yodzaza ndowa. Ankati kwawo tsiku limeneli ndi la lei, nkhata ya maluwa yovala m'khosi, imene munthu amasokera wina amene amamukonda.

Atatha kudyetsa anthu chamasana, anakhala pawindo la chipinda chochezera. Tionenji ankadula mapesi, mayi Etta n'kumaboola duwa lililonse pakati ndi singano yaitali. Ulusi wake unali uja wochotsera zotsalira m'mano, poti akuti suduka. Zala zinkawawawa. Akaboola maluwa asanu ankapumula, Tionenji n'kuwasisita.

"Iwe Tione," Petronella anatero m'Chinyanja chake cha m'tauni, "ba gogo aba afuna kutiika m'manda tikali na moyo. Kwathu maluwa ya so ni ya pa malilo."

Tionenji anamwetulira. Nayenso nkhata ankazidziwira kumanda, pamene woyendetsa mwambo akuitana achibale mmodzimmodzi kuti adzayale.

"Akuti chiyani ameneyo?" anafunsa mayi Etta.

"Akuti ndi okongola, mayi."

"Bodza. Nkhope yakeyo sikunena zimenezo." Anamuloza Petronella ndi singano. "Tamvera malamulo ake, wamwano iwe, poti ikhala m'khosi mwako. Lei sakana. Ngakhale akupatse ndi munthu amene sumufuna, umaweramitsa mutu. Ukavala, suvula wokupatsayo akuona. Kumeneko n'kumubwezera chikondi chake kumaso. Ndipo ikafota sutaya m'bini. Inachokera kunthaka, umaibwezera kunthaka, kapena kuipachika mumtengo."

"Malamulo yambiri monga ya viza," anatero Petronella.

Yoyamba itatha, mayi Etta anagwira nsonga ziwiri za ulusi kuti amange, koma anaima.

"Mwa awirinu palibe woyembekezera?"

Petronella anaseka mpaka bambo wina amene ankawodzera pakona anadzidzimuka. "Ine, ba Etta? Pa zaka fifite-thuu? Kapena mngelo abwele na kalata."

"Ndikufunsa dala," anatero mayi Etta. "Woyembekezera sitimumangira mfundo. Yake timaisiya yotseguka, nsonga zizilendewera uku ndi uku. Yomanga akuti ili ngati chingwe cha mchombo chitazinga khosi la mwana. Agogo anga ankatero. Ine ndine wa tchalitchi, koma chibadwire sindinamangirepo woyembekezera."

Anamanga, namuveka Petronella. Yachiwiri inatenga ola lina. Nthawi yonseyo Tionenji ankadula mapesi osadzutsa mutu, ndipo kawiri anadula pafupi kwambiri, duwa n'kuyoyoka. Itatha, mayi Etta anagwiranso nsonga ziwiri zija.

"Nanga iwe, Tio?"

Mawu anali pafupi. Akanangoti, "Musamange, mayi," zikanakwanira. Koma Petronella anali pomwepo, bambo wa pakona uja anali maso, ndipo mawu a mayi ake a pafoni anali m'makutu. Akanena, aphwanya za kwawo. Akapanda kunena, aphwanya za eni maluwa. Zonse ziwiri sankazikhulupirira, ndipo zonse ziwiri ankaziopa.

"Mangani, mayi," anatero.

Mayi Etta anamanga mfundo, nabwereza kawiri kuti ilimbe. Poti sakanatha kuimirira pachikuku chawo, Tionenji anagwada, monga akanachitira kwa munthu wamkulu aliyense kwawo. Iwo anakweza lei ija, naigoneka pamapewa pake, theka kutsogolo theka kumbuyo, nampsompsona patsaya. Maluwawo anali ozizira pakhosi.

Masana onse mayi Etta anakhala m'chipinda chochezera, maso awo akumutsata ndi chimwemwe kulikonse kumene ankapita. Cha m'ma fili koloko Tionenji analowa m'chimbudzi n'kukhoma. Anayesa kumasula mfundo ija ndi zikhadabo, koma ulusi woterera uja unali utalumana. M'thumba munali sizasi. Anaitulutsa, kenaka anaganiza za maluwa akuyoyokera pansi, ndi nkhope ya mayi Etta akamuona akutuluka khosi lili lokha. Anabweza sizasi ija. Anapempha Mulungu kuti amukhululukire poopa ulusi, nasamba kumaso, n'kubwerera kukagawa tiyi.

Lei ija anakaivulira pamalo okwerera basi. Bini inali pomwepo, koma anaiika m'chikwama.

"Mwapambana mpikisano wanji?" Paterson anafunsa ataiona kunyumba.

"Ndi mphatso ya agogo a kuntchito."

Anaipachika pa msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Zinazo sanamuuze.

Panapita masabata atatu. Lachitatu lina m'mawa, akuyala bedi m'chipinda cha nambala folo, anamva chinthu chimene ankachidziwa kale: magazi anali atayamba kutsika. Anamaliza kupinda ngodya ya nsalu, natuluka mwakachetechete kukamufuna Petronella. Petronella anangomuyang'ana kumaso, osafunsa kanthu. Anavula juzi yake, namumanga nayo m'chiuno, naitana takisi.

Kuchipatala, mayi wojambula sikani anayendetsa kachipangizo kake pamimba nthawi yaitali osayankhula. Kenaka anatembenuza kanema uja kuti Tionenji asaone, napita kukaitana dokotala. Dokotalayo anali mtsikana wa mawu ofatsa. Anakhala pansi, osati kuimirira, nati pepani. Anati mtima wa mwana sukugunda. Anati zimachitika, si chifukwa cha chimene iye anachita kapena kusachita. Poona kukula kwake, anatero, mwanayo anasiya kukula masabata atatu apitawo, kapena kupitirirapo pang'ono.

"Tsiku liti?" Tionenji anafunsa.

"Sitingathe kudziwa tsiku lenileni."

"Lolemba la holide lija? Kapena lisanafike Lolemba?"

Dokotala anamugwira dzanja. "Mayi, palibe amene angakuuzeni zimenezo."

Mawa lake anamulowetsa m'chipinda cha opaleshoni. Anamupatsa pepala, iye anasaina osawerenga. Atatsitsimuka, zonse zinali zitachotsedwa, ndipo sanafunse kumene anapita nazo. Nesi wina wachikulire anamubweretsera tiyi wa shuga wambiri osamufunsa, ndipo ataona kuti mapazi ake akunjenjemera, anakamutengera masokosi.

Anakhala pakhomo masabata awiri. Paterson ankapita ku ntchito yake ya ulonda pasitolo ina ku Lewisham, ndipo asanatuluke ankasiya phala pamoto wochepa ndi Baibulo pafupi ndi pilo. Phalalo ankadya. Baibulo sankalitsegula. Akagwada ankangoti, "Ambuye," mawu ena osabwera. Mayi ake sanawaimbire. Akanawauza chiyani, poti sanawauze n'komwe kuti panali kanthu?

Lamulungu masana Paterson akusesa, anatsegula chitseko cha kuchipinda mwamphamvu, maluwa ouma n'kuyoyokera pakapeti. Anaichotsa lei ija pamsomali.

"Izi zauma, Tione. Nditaye?"

"Musataye!"

Anafuula mwakuti onse awiri anadabwa. Ndipo pamenepo anamuuza zonse, za mfundo, za funso la mayi Etta, za sizasi imene anabweza m'thumba. Paterson anakhala pabedi, lei ili pamiyendo.

"Ndiye mukuganiza kuti ndi maluwawa?"

"Sindikuganiza choncho."

"Nanga pa awiri oyamba aja, munavala maluwa a ndani?"

"Ndikudziwa, Paterson. Ndikudziwa zonsezo." Anayang'ana kukhoma. "Koma anandifunsa. Munthu anandifunsa bwinobwino, ine n'kunena kuti mangani."

Paterson anatola maluwa ogwa aja limodzilimodzi, nawaika pamodzi ndi lei ija m'bokosi la nsapato, n'kuvundikira.

Tsiku lobwerera ku ntchito, Tionenji anaika bokosilo m'chikwama. Ankafuna akaweruka akaibwezere lei ija kunthaka, ichoke m'nyumba. Petronella anamuchingamira pakhomo, namukumbatira osanena za pepani.

"Sin'nauze munthu. Ninakamba ati ni chimfine chikulu." Anatsitsa mawu. "Manje ba gogo bako, masiku yatatu basoka chinthu. Banituma maluwa, yoyera yekayeka. Zala zavimba, koma bakana kuti nibathandize. Bakuyembekeza."

Mayi Etta anali pachikuku pafupi ndi windo la chipinda chawo, thaulo lonyowa lili pamiyendo. Anaonda m'masabata awiriwo.

"Tseka chitseko, Tio. Bwera kuno. Manja ako ali kuti?"

Anawafumbata monga mwa masiku onse, ngakhale kunja kunali kotentha.

"Ndine wokalamba, koma si wakhungu," anatero. "Kungoti ndimachedwa. Utachoka m'pamene ndinayamba kulumikiza. Mazira a m'mawa unkabwera nawo nkhope utayang'ana kumbali. Dzanja silinkachoka m'thumba. Unasiya kundinyamula wekha, unkaitana mnzako. Ndiye akuti chimfine! Chimfine cha masabata awiri, mwezi wa Juni wotentha chonchi?" Anaseka pang'ono, koma maso anali atadzaza misozi. "Ndinakumangira mfundo, mwana wanga. Ndinafunsa pagulu ngati chitsiru, funso lofunsira kumbali. Ukanayankha bwanji? Chichokereni iwe chakudya sichikulowa. Ndimangoona manja angawa akubwereza mfundo ija kawiri."

Anachotsa thaulo lija. Pansi pake panali lei ya makaneshoni oyera okhaokha, yaitali, yoluka ndi masamba a m'munda wa panyumbapo. Nsonga zake zinali zosamanga. Pa ulusi wa kumapeto panali kadontho ka magazi pamene singano inawabaya.

"Iyi ndi yotseguka. Mwana adutse bwino. Undikhululukire."

Tionenji anayang'ana maluwawo, nayang'ana zala zotupazo. Akananena zoona, mayi awa akanapita nayo mfundo ija kumanda, ndipo palibe dokotala amene akanawamasula. Lei sakana. Anagwada.

Maluwa anagona pamapewa pake, nsonga ziwiri zikulendewera pachifuwa mpaka pamimba. Mayi Etta anazisalaza ndi dzanja, ndipo dzanjalo linaima pamenepo kanthawi, mopepuka.

"Liti?"

"Anati Novembala, mayi."

"Novembala." Anawerenga pa zala zopindikazo. "Miyezi isanu. Ndiyesetsa kudikira. Wamva? Uwauze akukhitchini andipatse phala lija, ndidya. Ndikufuna ndidzamuone ameneyu. Ndidzamusokera kakang'ono, ka pamutu."

Tsiku limenelo mayi Etta anadya zonse za m'mbale. Anapempha kuti awapititse kuchipinda chochezera, ndipo Tionenji anagwira shifiti yonse lei ili pamapewa. Poti inali yosamanga, inkatsetsereka akawerama, ndipo ankaigwira ndi dzanja limodzi kwinaku akupukuta matebulo. Mayi wina wa m'chipinda cha nambala thuu anamuuza kuti akuoneka ngati mkwatibwi. Petronella atamuona pakhonde anatsegula pakamwa kuti aseke, kenaka anaona nsonga zolendewerazo, nakumbukira tanthauzo lake. Analowa m'kachipinda ka mankhwala ndipo anakhalitsamo.

Teni koloko bisiketi analowa m'thumba. "Awiri lero," anatero mayi Etta. "Wina si wako."

Ataweruka cha m'ma folo, Tionenji sanapite kokwerera basi. Anatsata kanjira kodutsa pakati pa nyumba zosanja mpaka kukafika m'mbali mwa mtsinje. Madzi anali ataphwera, matope akuda ali poyera, mbalame zoyera zikuyendapo. Kutsidya kunkaoneka mafakitale a ku Barking. Munthu wina wothamanga anadutsa, ndi mayi wina wokankha mwana pakangolo. Iye anadikira mpaka onse atapita.

Kuseri kwa benchi kunali kamtengo kaminga kophukira pakati pa udzu. Anagwada pamenepo, natulutsa supuni m'kontena yake ya chakudya, n'kuyamba kukumba. Nthaka inali youma, yodzaza timiyala ndi zidutswa za njerwa. Supuni inapindika. Anaiwongola, napitiriza, mpaka dzenje linakwana manja awiri.

Anatsegula bokosi la nsapato. Lei yakale ija inali itasanduka yofiirira, yopepuka ngati pepala. Anafufuza mfundo ija, natulutsa sizasi, n'kudula. Sizinavute n'komwe. Maluwa anayoyokera m'dzenjemo okha. Kenaka anavula yoyera ija, naipinda bwinobwino monga amapindira kansalu ka mwana, naigoneka pamwamba. Anaganiza zonena dzina, koma analibe. Iye ndi Paterson anali atagwirizana kuti za dzina adikire.

Anakwirira ndi manja. Anatseka maso kuti apemphere, ndipo pakamwa panayamba pokha, mwa chizolowezi cha pa basi: "Ambuye, uyu yekha..." Anaima pomwepo. Anadikira kuti mwina mawu ena abwera. Kunangomveka mbalame zija ndi galimoto za kutali.

Anatsala chigwadire mpaka mawondo anachita dzanzi. Mawa seveni koloko adzalowanso m'chipinda cha nambala naini. Mayi Etta adzamufumbata manja, maso awo n'kutsikira pamimba. Juni angathe kubisa. Julayi mwina, ndi yunifolomu yaikulu. Za Ogasiti sanafune kuganiza.

Anapukuta manja pa udzu, nanyamula chikwama ndi bokosi lopanda kanthu. Pokwerera basi anapeza 177 itaima, injini ikulira. Dalaivala anamuona akubwera poteropo, namudikira chitseko chili chotsegula. Tionenji anathokoza. M'munsi munali mipando yambiri yopanda anthu. Anaima kanthawi, dzanja lili m'thumba mmene munali mabisiketi awiri aja, kenaka anagwira chitsulo n'kukwera masitepe.